Kafukufuku Si Ufiti

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2017 mumzinda wa Blantyre mudachitika chinthu chimene sichiyenera kuiwalika. Mphekesera za anamapopa, zimene zidabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe m'mwezi wa Seputembala, zidafika m'tauni, ndipo khamu la anthu lidagwira mnyamata wina pamsewu wopita ku bwalo la ndege la Chileka, n'kumupha ndi kumutentha ndi moto. Mbale wake adauza atolankhani kuti mnyamatayo ankadwala khunyu, ndipo ankachokera kuchipatala pamene adakumana ndi tsokalo. Pofika kumapeto kwa mwezi umenewo anthu osachepera 9 adali ataphedwa m'chigawo cha kumwera pa mlandu wopopa magazi. Bungwe la madotolo m'dziko muno lidanena poyera kuti padalibe umboni uliwonse woti wina adapopedwa, ndipo mpaka lero palibe amene adaonetsapo ngakhale botolo limodzi la magazi opopedwawo.

Mphekesera zoterezi sizidayambe chaka chimenecho, pakuti zidamvekanso m'zaka za 2002 ndi 2003. Nthawi zonse zikabuka, oyamba kulozedwa zala amakhala alendo, anamwino onyamula mabokosi ozizira, ndi anthu ochita kafukufuku wa matenda. Tsono nkhani ino ikutsutsa anthu a mitundu itatu. Woyamba ndi wofalitsa mphekesera, amene amati kafukufuku ndi njira yobera anthu magazi. Wachiwiri ndi munthu wodzitcha wanzeru, amene amati dziko losauka lilibe nthawi yofufuza tizirombo ndi timbewu ta pamiyala. Wachitatu, amene mlandu wake ndi waukulu kuposa anzake awiriwo, ndi munthu wophunzira amene amadziwa zoona koma amangoti chete bodza likamafala.

Mwa anthu onse a m'Malawi, wokhala ku Naperi ndiye alibiretu chifukwa chokhalira mbuli pa nkhaniyi. Kuchokera pakhomo pake ndi ulendo wapansi chabe kukafika ku sukulu ya udotolo ya pamsewu wa Mahatma Gandhi, imene idatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira mu 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Chapafupi pomwepo pali chipatala chachikulu cha Gulupu, ndipo m'kati mwa mpanda wake muli malabotale a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene lidakhazikitsidwa mu 1995. Zimene zapezeka m'nyumba zimenezi zimaphunzitsidwa m'sukulu za udotolo za ku Ulaya ndi ku America. Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi wogulitsa tomato pamsika wa Naperi, amene amadutsa pampandapo popita kukaona wodwala, sadziwa chimene chimachitika kuseri kwake. Mtunda wa mapazi ndi waufupi, koma wa chidziwitso ndi wautali, ndipo m'mpata umenewu ndimo mumamera mphekesera.

Funso la wofalitsa mphekesera ndi lakuti: magazi amene amatengedwa kuchipatala amapita kuti? Yankho lake lilipo, ndipo silobisika. Mwana akabwera thupi litatentha kwambiri, namwino amatenga magazi osadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi, n'kuwathira m'kabotolo kamene muli madzi odyetsera tizirombo. Kabotoloko kamaikidwa m'makina ofunda mofanana ndi thupi la munthu. Ngati m'magazimo muli mabakiteriya, amaswana mpaka kuchuluka, ndipo katswiri amazindikira mtundu wake, kenaka amawayesa ndi mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akuwapha ndi amene akulephera. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Ku Gulupu zotsatira za ntchito imeneyi zakhala zikulembedwa mosadukiza kuyambira chaka cha 1998.

M'kaundula ameneyu ndimo mudaoneka chinthu chimene maso a munthu sakadachiona. Kuyambira 1998 mpaka 2010, odwala opezeka ndi taifodi m'magazi pachipatalapo ankakhala pafupifupi 14 pachaka. Mu 2011 adakwana 67, ndipo mu 2014 adafika 782. Akatswiri atafufuza adapeza kuti mumzinda mudalowa mtundu watsopano wa bakiteriya wa taifodi, umene sumvera mankhwala atatu amene zipatala zinkadalira, kuphatikizapo Bactrim ndi chloramphenicol. Popanda timabotolo tija, madotolo akadapitiriza kupereka mankhwala osagwira ntchito, ana akadapitiriza kubooka matumbo, ndipo pamaliro anthu akadamanong'onezana kuti m'mudzi mwalowa mfiti. Kafukufuku wina wa mu Blantyre momwemuno adaonetsanso kuti ana a m'mabanja amene amaphikira ndi kutsukira ziwiya madzi a mumtsinje ndiwo amagwidwa kwambiri ndi nthendayi. Wokhala m'mbali mwa mtsinje wa Naperi kapena wa Mudi, amene amatsikira kumtsinje madzi akasiya kutuluka m'mipope, ayenera kumva mawu amenewa kuposa wina aliyense.

Kudziwa mdani n'chiyambi chabe. M'mwezi wa Febuluwale 2018, patangopita miyezi inayi chichitikire zoopsa za anamapopa zija, ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kudayamba kuyesedwa katemera watsopano wa taifodi, koyamba mu Africa monse. Makolo adabweretsa ana opitirira 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12. Theka la anawo lidalandira katemera wa taifodi, theka linalo lidalandira katemera wa matenda oumitsa khosi, kuti pasapezeke mwana wobwerera chimanjamanja, ndipo onse adatsatiridwa kwa zaka zingapo. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2021 zidaonetsa kuti mwa ana khumi alionse amene akadadwala taifodi, katemerayu adateteza pafupifupi 8. M'mwezi wa Meyi 2023 boma lidayamba kupereka katemerayu kwa ana a dziko lonse. Mwana wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje lero ndi wotetezedwa chifukwa mayi wa ku Zingwangwa adakana kumvera za m'maluwa, napereka mkono wa mwana wake kwa namwino. Ngati pali anthu oyenera kuimbiridwa m'manja pa nkhani yonseyi, ndi amayi amenewa.

Nthenda ya khunyu ndiyo yakhala chakudya cha mphekesera kuyambira kalekale. Ena amati wodwala adalodzedwa ndi agogo ake, ena amati adamuika m'chizimba cha chuma, enanso amati ukakhudza thovu lotuluka m'kamwa mwake nawenso uyamba kugwa. Chifukwa cha bodza lomalizali, anthu amathawa munthu akagwera pamoto, ndipo amapsa pamaso pa abale ake omwe. Ana ambiri odwala khunyu amaletsedwa sukulu, amadyera mbale yawoyawo, ndipo akakula amasowa ntchito ndi banja. Zoona zake n'zakuti khunyu si nthenda yopatsirana. Ubongo umagwira ntchito ndi timphamvu tamagetsi tating'onoting'ono, ndipo mbali ina ya ubongo ikavulala, timphamvuti timatha kubuka nthawi imodzi mosalongosoka, munthu n'kukomoka ndi kuphupha. Chimene chimavulaza ubongo chingakhale kubadwa movutikira, ngozi ya pamsewu, matenda oumitsa khosi, mazira a nyongolotsi ya nkhumba olowa m'thupi kudzera m'zakudya zauve, kapena malungo.

Pa nkhani ya malungo ndi khunyu, umboni wina wolimba kwambiri padziko lonse udapezeka ku Gulupu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Dr Malcolm Molyneux ndi Dr Terrie Taylor, pamodzi ndi anamwino ndi madotolo a Chimalawi, adayamba kusamalira ndi kufufuza ana okomoka ndi malungo a m'bongo. Muyeso umene adaulengeza mu 1989 woonera kukula kwa chikomokere cha mwana umatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo dzina la mzinda uno limatchulidwa m'zipatala za mayiko ambiri chifukwa cha muyesowu. Mu 2010 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wotsogozedwa ndi Dr Gretchen Birbeck, amene adatsatira ana 132 opulumuka ku malungo a m'bongo ndi ana ena 264 amene sadadwalepo malungo otere. Mwa ana 132 aja, 12 adayamba kudwala khunyu. Mwa ana 264 aja padalibe ndi mmodzi yemwe. Mu 2015, pogwiritsa ntchito makina ojambula ubongo otchedwa MRI amene adafika pachipatalapo mu 2008, gulu limene mudali Dr Karl Seydel ndi Dr Sam Kampondeni lidaonetsa kuti chimene chimapha ambiri mwa ana otere ndi kutupa kwa ubongo, kumene kumapanikiza mbali yoyendetsa kupuma.

Tanthauzo la zonsezi ndi lomveka kwa aliyense wofuna kumva. Wolodza ana ambiri odwala khunyu m'dziko muno ndi udzudzu, osati nkhalamba ya tsidya lija imene mudzi umafuna kuigenda. Neti yotchinga bwino ndi kuthamangira kuchipatala mwana akangotentha thupi ndizo mphinjiri zenizeni. Ndipo amene wadwala kale sadatayike. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo mwa khumi alionse, 7 angathe kusiyiratu kugwa atamamwa mankhwala oyenera mokhulupirika. Ena mwa mankhwalawo, monga phenobarbital, ndi otsika mtengo zedi. Komatu m'mayiko osauka atatu mwa anayi alionse salandira chithandizo. Mbali ina ya vutoli ndi kusowa kwa mankhwala m'zipatala, ndipo boma liyenera kuyankhapo. Koma mbali ina ndi banja limene limagulitsa mbuzi kukalipira woombeza ula m'malo mopita kuchipatala, kumene mankhwala ndi aulere.

Khansa nayo ili ndi mbiri yake imene yakhudza dziko lino. Mu 1958 dotolo wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, amene ankagwira ntchito ku Uganda, adalemba za chotupa chachilendo chimene chinkatupitsa nsagwada za ana mofulumira modabwitsa. Mu 1961 iye ndi madotolo anzake awiri adayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 16,000 pagalimoto yakale, kudutsanso m'dziko lino pamene linkatchedwa Nyasaland, akufunsa m'chipatala chilichonse ngati adaonapo ana otere. Adapeza kuti chotupacho chimachuluka kumadera otsika, otentha ndi a chinyezi, ndipo chimasowa kumapiri ozizira. Anthu adadzazindikira pambuyo pake kuti mapu ake adali ofanana ndi mapu a malungo. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong a ku London adapeza kachirombo m'tizidutswa ta chotupa totumizidwa kuchokera ku Uganda, ndipo aka kadali koyamba kuti kachirombo kapezeke kakukhudzana ndi khansa ya munthu. Lero n'zodziwika kuti kachiromboka ndi malungo obwerezabwereza zimathandizana poyambitsa khansa ya Burkitt, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana a m'Malawi.

Khansa imeneyi imakula msanga, komanso imamva mankhwala msanga. Ku Gulupu, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adatha zaka zambiri akufufuza muyezo wa mankhwala woyenera mwana wa kuno, chifukwa muyezo wa ku Ulaya, umene umafuna zipangizo zambiri zotetezera wodwala, ungathe kupha mwana wonyentchera asanachire. Yankho la funso lotere silikadachokera ku London. Lidayenera kupezeka pakati pa ana a konkuno. Chifukwa cha ntchito imeneyo, ana ambiri amene kale akadangotumizidwa kumudzi kukadikira imfa amabwerera kusukulu. Amene amataya mwayiwu kawirikawiri ndi mwana amene amafika mochedwa, atatemedwa mphini tsaya lonse kwa miyezi iwiri.

Chimodzimodzinso khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene nthendayi yafala koposa. Chiwerengero cha mu 2020 chidaonetsa kuti amayi opitirira 4,000 amapezeka nayo pachaka, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye adaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti gwero lake ndi kachirombo ka HPV, kofala kudzera m'kugonana, ndipo pa kafukufuku wakeyo ndi pamene padachokera katemera. Katemerayu adayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira mu 2013, ndipo mu 2019 adayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse. Nanga wofalitsa mphekesera adati chiyani? Adati katemerayu ndi wotseka mimba. Sadawerengepo kanthu, sadafunsepo namwino, adangomva mu minibasi. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Koma kandimverere wa masiku ano ali ndi foni m'manja, ndipo bodza lake limafika ku Bangwe ndi ku Machinjiri iye asanatsike n'komwe pa siteji. Mtsikana amene walandidwa katemera chifukwa cha bodza lotere adzalipira mlandu umenewu patapita zaka 20 kapena 30, pamene wabodzayo adzakhala ataiwala kalekale zimene adanena.

Tsono pali munthu wachiwiri uja. Iye sakhulupirira za anamapopa, ndipo amavomereza kuti kufufuza matenda n'kwabwino. Chimene chimamukwiyitsa ndi kumva kuti pali akatswiri amene amatha moyo wawo wonse akuyang'ana timbewu ting'onoting'ono tobiriwira tomera pamiyala ndi pazipupa, timene ambiri amangotitcha ndere. Iye amafunsa monyodola kuti kodi ndere zimadyedwa, ndipo amati kafukufuku wotere ndi mwanaalirenji wa mayiko okhuta.

Munthu ameneyu ayambe wayang'ana mpanda wa njerwa wa kuseri kwa nyumba yake. M'mwezi wa Okutobala ndere za pampandapo zimauma gwaa, n'kuoneka ngati fumbi lakuda lopanda moyo. Mvula yoyamba ikangogwa, zimabiriwiranso tsiku lomwelo. Chimanga sichingachite zimenezi. Chikafota mopitirira muyeso chafa basi, ngakhale mvula itabwera mawa lake. Mu 2024 akatswiri a ku China adalengeza kuti mtundu wina wa ndere za m'chipululu, wotchedwa Syntrichia caninervis, umatha kutaya madzi opitirira magawo 98 pa 100 alionse a m'thupi mwake, n'kutsitsimukanso m'kanthawi kochepa ukangonyowa. Ku yunivesite ya Cape Town, Pulofesa Jill Farrant wakhala zaka zambiri akufufuza zomera zina za pamatanthwe a kumwera kwa Africa zimene zimauma ndi kudzukanso chimodzimodzi. Chinsinsi chake, monga momwe afufuzi apezera, n'chakuti madzi akamachoka, zomerazi zimadzaza timaselo tawo ndi shuga ndi mapuloteni oteteza, kotero kuti m'kati mwake mumalimba ngati galasi popanda kuphwanyika. Chodabwitsa n'chakuti njere ya chimanga youma m'nkhokwe imadziteteza mwa njira yofananayo. Ndiye kuti chimanga chili nalo kale luso limeneli, koma chimaligwiritsa ntchito m'njere mokha, osati m'masamba ndi m'mizu. Funso la akatswiri ndi lakuti: kodi lusoli lingadzutsidwe bwanji m'chomera chonse?

Chimanga chotero sichidafike m'munda wa mlimi aliyense, ndipo wonena kuti chifika mawa ndi wabodza mnzake wa wofalitsa mphekesera. Koma dziko limene mu Malichi 2024 lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala silingaseke funso lotere. Mbewu zopirira ku ng'amba za ZM 309 ndi ZM 523, zimene zidatulutsidwa m'dziko muno mu 2009 ndipo alimi adazitcha Msungabanja ndi Mwayi, zidatenga zaka zambiri za kusankha ndi kukwatitsa mbewu m'minda yoyesera, pa nthawi imene odutsa m'njira ankaona ngati akatswiriwo akungosewera. Mbiri ya mankhwala nayo ikuchitira umboni. Penisilini adachokera ku nkhungu imene idamera m'kambale ka Alexander Fleming mu 1928. Mankhwala a malungo a LA, amene dziko lino lidayamba kudalira mu 2007, muzu wake uli m'chitsamba chimene Tu Youyou wa ku China adachifufuza m'zaka za m'ma 1970. Vincristine, mmodzi mwa mankhwala ochiza khansa ya ana, adapezeka m'kaduwa kochokera ku Madagascar kamene kamamera m'mabwalo a nyumba zambiri za ku Naperi popanda wokasamala. Nkhungu, chitsamba ndi kaduwa ka pabwalo: wonyodola uja akadakhalapo nthawi imeneyo akadafunsanso kuti kodi zimadyedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamenepa wina angati: kodi ndiye kuti ochita kafukufuku onse ndi angelo, ndipo wowakayikira aliyense ndi mbuli? Iyayi. Mantha a anthu ali ndi pochokera. Ku Tuskegee, m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972, madotolo a boma adasiya dala amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko osawachiza, kuti aone momwe nthendayo imawonongera thupi, ngakhale penisilini atapezeka. Ku Kano, m'dziko la Nigeria, mu 1996 kampani ina ya ku America idayesa mankhwala pa ana odwala matenda oumitsa khosi, ndipo makolo adakasuma kukhoti ponena kuti sadauzidwe zoona. Zinthu izi zidachitikadi. Koma phunziro lake si lakuti anthu atole miyala. Phunziro lake ndi lakuti anthu adziwe ufulu wawo. Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu aliyense popanda chilolezo chake. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za chilungamo, monga ya ku sukulu ya udotolo ija kapena komiti ya boma ya National Health Sciences Research Committee. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti magazi atengedwa ochuluka bwanji, asungidwa kuti, ndipo zotsatira zidzamveka liti. Lili ndi ufulu wokana, ndiponso wosiya pakatikati, popanda mwana wake kumanidwa chithandizo. Safunsa adadya phula. Wofunsa amateteza mwana wake ndi ana a anzake, pamene wogenda amangowonjezera maliro.

Apa ndi pamene pakulowa munthu wachitatu, wophunzira wokhala chete. Zotsatira zonse zatchulidwazi zidalembedwa m'Chingerezi chozama, m'magazini a akatswiri amene mayi wa ku Ndirande sadzawaona. N'zoona kuti ofufuza ena ayesetsa: akhala akukumana ndi mafumu ndi makomiti a m'madera, ndipo pologalamu ya Umoyo N'kukambirana idakhazikitsidwa pawailesi ya MBC ndi cholinga chimenechi. Koma pologalamu imodzi singapikisane ndi milomo masauzande. Pakati pa labotale ndi msika payenera kuima mphunzitsi, mbusa, shehe, kalaliki ndi mwana wa sekondale. Nanga anthu amenewa amakhala kuti mphekesera ikabuka? Mphunzitsi wa sayansi amene m'mawa waphunzitsa za maselo a magazi, madzulo amamva nkhani ya anamapopa pa bawo n'kungoseka. Mnyamata wa Folomu 4 amene adaperekapo yekha magazi pafupifupi theka la lita pamene a Malawi Blood Transfusion Service adabwera pasukulu pake, ndipo adasewera mpira sabata yomweyo, amangoti duu azakhali ake akamalumbira kuti kasupuni ka magazi kangaumitse mwana. Kukhala chete kotere si ulemu. Ndi mantha ovala jekete. Maphunziro amene amathera papepala la mayeso, osafika pakhonde la kunyumba, ndi chimanga chofumbwa m'nkhokwe ana akugona ndi njala.

Atsogoleri nawo ali m'gulu lomweli. Ndalama zambiri zoyendetsera kafukufuku wa zaumoyo mu Blantyre zimachokera kunja, ku Britain ndi ku America makamaka. Mayiko a mu African Union adagwirizana kuti aliyense aziika gawo limodzi pa 100 alionse a chuma chake pa kafukufuku, koma ochepa kwambiri ndiwo ayandikira muyeso umenewu. Chaka cha 2025, pamene boma la America lidaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lochuluka la zaumoyo, chidaonetsa kuopsa kodalira moto wopala kwa mnansi. Wolipira ndiye amasankha funso loti lifufuzidwe. Khansa ya kummero, imene imapha anthu ambiri m'Malawi koma n'njosowa ku Ulaya, ikudikirabe yankho lokwanira la chimene chimaichulukitsa kuno. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dziko lofuna mayankho a mafunso ake liyenera kulipirako lokha ndi kuphunzitsa ana ake kufunsa.

Ndipo ana otero alipo kale. Kafukufuku wamkulu wa mu 2017 woonetsa momwe mabakiteriya a ku Gulupu adasiyira kumva mankhwala m'zaka 19 adatuluka dzina la Patrick Musicha lili patsogolo. Pulofesa Henry Mwandumba adafika pokhala mkulu wa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome. Anthu otere adayambira pabenchi la sukulu ngati wina aliyense, akulimbana ndi masamu ndi sayansi zimene ophunzira ambiri amazithawa poti n'zovuta.

Choncho wophunzira wa sekondale asadikire digiri kuti ayambe ntchito yake. Akaona munthu wagwa ndi khunyu, amuchotse pafupi ndi moto kapena madzi, amuike kanthu kofewa kumutu, amugoneke cham'mbali, asamuike supuni kapena china chilichonse m'kamwa, ndipo akhale naye mpaka atatsitsimuka. Khamu loonerera liphunzira zambiri pa manja ake kuposa pa chikalata chilichonse. Akaona tsaya la mwana likutupa mofulumira, aumirire kuti apite naye kuchipatala sabata yomweyo. Asagule timakapusozi tiwiri pa okala chifukwa cha chimfine, pakuti kumwa mankhwala mwachisawawa ndiko kumaphunzitsa mabakiteriya kupirira. Akalandira uthenga woopseza pafoni, afunse kaye kuti waona ndani, kuti, ndipo liti, asanautumize kwa wina. Mafunso atatu amenewa ndiwo chiyambi cha kafukufuku aliyense, kaya wa khansa, kaya wa ndere za pampanda, ndipo mudzi umene ana ake aphunzira kuwafunsa sungatole miyala chifukwa cha nkhani ya mu minibasi.